Mutu Wolukidwa Theka

Tsiku limene Mayi Zala anafika pansi penipeni linali Loweruka. Kwa woluka tsitsi, Loweruka ndi tsiku lokolola. Benchi imadzaza, wina akudandaula kuti achedwa ku ukwati, wina akusinza mutu uli m'chowumitsira. Koma tsiku limenelo m'saluni mwake munali iye yekha, magalasi awiri, ndi makatoni a ufa osanjikizana mpaka kudenga. Anasesa pansi pomwe panalibe ngakhale katsitsi kamodzi. Atamaliza anasesanso.

Kenako anaona mng'ono wake akubwera mumsewu. Anathamangira pakhomo n'kumuitana. Mtsikanayo anamva ndithu, chifukwa anaima pang'ono, koma anawolokera tsidya lina n'kuika foni kukhutu ngati pali amene akulankhula naye. Mayi Zala anabwerera m'kati, anakhala pampando wa makasitomala, n'kulira ngati mwana.

Inu amene mukuwerenga, musafulumire kunena kuti mayiyu anali wopusa. Ine ndimamudziwa, ndipo ndi mmodzi mwa anthu olimba mtima amene ndawaonapo. Ingomvani mmene anafikira pamenepa.

Dzina loti Zala anamupatsa ndi makasitomala, chifukwa zala zake zinkayenda m'tsitsi ngati zili ndi maso. Mutu woyamba umene anaphunzirirapo kuluka unali wa mng'ono wakeyo. Mayi awo anamwalira mtsikanayo ali wamng'ono, ndiye anakulira pakati pa mawondo a mkulu wake, atakhala pa kampando ka matabwa, akulira kuti chipeso chikupweteka. Kampando kameneko kanasamuka nawo nyumba iliyonse mpaka kanafika m'saluni.

Tsiku lina kunabwera kasitomala watsopano, wonunkhira bwino, mphete zala zonse. Anzake ankamutcha Mayi Golide, chifukwa m'gulu lawo maudindo ankapita ndi mkuwa, siliva ndi golide. Gululo linkatchedwa Banja la Opambana. Linkagulitsa ufa wosungunula m'madzi umene ankati umachiza chilichonse, kuyambira msana mpaka ulesi wa mwamuna. Koma phindu lenileni, ankatero, lili pokopa anthu ena kuti alowe pansi pako, iwonso akope ena, ndipo aliyense azigula makatoni mwezi ndi mwezi, agulitse asagulitse.

Mayi Zala sanakopeke ndi ufa. Anakopeka ndi manja. Atalowa koyamba mu holo ya msonkhano, anthu anaimirira, kumuombera m'manja, kumukumbatira, kumutcha mlongo. Munthu amene moyo wake wonse anangoimirira kumbuyo kwa mitu ya anthu, tsiku limenelo anthu ankayang'ana nkhope yake. Ndani wa ife amene sakanakomedwa? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mayi Golide anamupatsa nzeru imodzi. "Inu ndinu wamwayi, mlongo. Ife timathamangitsa anthu mumsewu. Anu amabwera okha. Muzidikira mutu ufike theka, ndiye muyambe kulankhula. Munthu wa mutu wa theka sathawa."

Ndipo anachitadi. Kasitomala akangofika pakati, chipeso chili m'mutu, ulaliki wa ufa unkayamba. Ena ankagula kachitini kuti angopuma. Ena ankangotseka maso ngati ali m'basi.

Kugulu kuja ankaphunzitsanso kuti anthu a kunja ali m'magulu atatu. Amene sanalowe ndi ogona tulo, uziwamvera chisoni. Amene amafunsa mafunso ndi akuba maloto, uziwathawa. Amene analowa n'kutuluka ndi akufa, ndipo wamoyo sacheza ndi maliro.

Wakuba maloto woyamba amene Mayi Zala anakumana naye anali namwino wina, kasitomala wake wakalekale, mayi wosabisa mawu. Mutu wake utafika theka ndipo ulaliki utayamba, namwinoyo anakweza dzanja.

"Mayi Zala, mverani ine. Gulitsani ufa wanuwo ngati mukufuna, koma musamauze odwala kuti asiye mankhwala a kuchipatala. Ndipo makatoni akuchulukawa, akugula ndani kupatula inuyo?"

Mayi Zala anaika chipeso pansi. "Dzukani. Pano sindiluka akuba maloto."

Namwinoyo anadzuka, anamanga mpango pamutu, mbali imodzi yoluka, ina ili nyankhalala, n'kutuluka. Nkhaniyi itafika kumsonkhano, holo yonse inaimirira kuombera m'manja. Mayi Zala anabwerera kunyumba akudziona ngati ngwazi.

Makasitomala akale anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Iye sanazindikire, chifukwa amayi a m'gulu anadzaza benchi. Sankadziwa kuti benchiyo ndi yobwereka. Anakopanso mng'ono wake, amene nthawiyo ankagwira ntchito m'sitolo ya nsapato.

Chimene chinamudzutsa chinali mng'ono wakeyo. Anamva Mayi Golide akuuza mtsikanayo kuti asiye ntchito ya m'sitolo, poti ntchito yolembedwa ndi ya ogona tulo. Mayi Zala anayang'ana makatoni ake, funso la namwino linabwerera m'khutu. Pamsonkhano wotsatira anaimirira.

"Ndili ndi funso, abale. Ndani pano amene ufa wake ukugulidwa ndi anthu a kunja? Chifukwa wanga ukungondiyang'ana."

Mayi Golide anamwetulira, kumwetulira kopanda maso.

"Mlongo wathu wadwala matenda okayikira. Mukhala kapena mupita?"

"Ndikupita."

Gululo linali ndi mwambo wake. Munthu akatuluka, mpando wake ankaugadabuza miyendo m'mwamba pamaso pa onse, kuti otsala aone. Tsiku limenelo Mayi Golide sanaugadabuze yekha. Anaitana mng'ono wa Mayi Zala. Mtsikanayo anabwera, anagwira mpando wa mkulu wake n'kuutembenuza. Mayi Zala anali asanafike n'komwe pachitseko, ndipo anaona zonse.

Asanafike kunyumba anali atachotsedwa kale m'gulu la pa foni. Amene ankamukumbatira dzulo anayamba kumulambalala mumsewu. Benchi inatsala yokha. Ndi mmene tafikira pa Loweruka lija.

Tsopano apa ndi pamene ndimamuchitira ulemu mayiyu. Ambiri a ife tikagwa timafuna woyamba kumuloza chala. Iye atapukuta misozi, anatseka saluni n'kupita kuchipatala kukafuna namwino uja. Anamudikira pabenchi ya odwala mpaka nthawi yopuma.

"Anesi, ndabwera kudzamaliza mutu wanu."

Namwinoyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Mutu uti? Ndinameta tsiku lomwelo. Mumafuna ndiziyenda ngati nkhuku yonyowa mbali imodzi?"

"Ndinakulakwirani. Wakutsina khutu ndi mnansi, ine ndinamuthamangitsa."

Namwinoyo anagwira pamutu pake. "Tsitsi lameranso. Ndibwera. Koma mukadzangondigulitsa ngakhale chingamu, ndidzadzuka ndekha."

Anabweradi. Mayi Zala anamuluka kuyambira pachipumi mpaka pankhongo osatchula malonda aliwonse. Makatoni aja sanafune kukankhira munthu wina. Anawasanja pakona, anayala nsalu pamwamba, n'kuikapo zipeso ndi mafuta. Namwino anati aka n'koyamba kuona ufawo ukugwira ntchito yooneka ndi maso.

Musaganize kuti zinthu zinasintha tsiku limodzi. A m'gulu anayamba kufalitsa kuti Mayi Zala ndi wansanje, ndi waulesi, zipeso zake n'zauve. Makasitomala akale ena atamuona ankaseka n'kufunsa ngati ufa watha. Iye ankaseka nawo, chifukwa analakwadi. Benchi ikakhala yopanda munthu, ankanyamula chikwama cha zipeso n'kuyenda khomo ndi khomo, kuluka ana a sukulu pakhonde, kuluka agogo amene miyendo inakana kuyenda. Mwini nyumba ya saluni anamuopseza kangapo kuti aika loko. Panali masiku amene zala zinkatupa koma m'thumba muli mphepo yokha. M'mawa mwake ankatsegulabe.

Ndipo anakhazikitsa lamulo limodzi, limene ankauza aliyense asanamugwire mutu: "Pano sitigulitsana kanthu. Mukafuna kuchoka mutu uli theka, ndikumangirani mpango ndekha, mudzabwere mawa."

Amayi anayamba kuuzana kuti kuli saluni imene munthu umatha kusinza mwamtendere. Anabwera mmodzi, anabwera ndi mnzake. Kenako kunayamba kubwera anthu ena amene iye sanawayembekezere: akufa aja. Amayi amene mipando yawo inagadabuzidwa, amene abale awo a m'gulu anasiya kuwapatsa moni. Ankabwera ngati akufuna kuluka, koma kwenikweni ankafuna munthu wowayang'ana kumaso. Namwino ankati akalowa amayamba wapereka moni kwa mizukwa yonse, ndipo mizukwayo inkaseka mpaka kugwira nthiti. Awiri mwa iwo Mayi Zala anawaphunzitsa kuluka, ndipo lero akudya za manja awo.

Saluni inadzuka. Koma mtima wa mwini wake unali usanadzuke. Mng'ono wake anasiyadi ntchito ya nsapato ija, ndipo ankadutsabe tsidya lina la msewu, atawonda, atanyamula zitini. Loweruka lililonse Mayi Zala ankamutumizira mawu awiri okha pa foni: "Kampando kalipo." Yankho silinkabwera. Kampando ka matabwa kaja kankakhala pambali pa galasi, ndipo ngakhale benchi idzaze bwanji, palibe amene ankaloledwa kukhalapo.

"Mukudzivutitsa," anatero namwino tsiku lina. "Mwana uja anasankha."

"Inenso ndinasankha, anesi, koma munabwera. Chibale ndi fupa, sichiola."

Masana ena kukugwa mvula, saluni itadzaza, pakhomo panaima munthu. Anali mng'ono wake, atanyowa, mpango pamutu. Mtsikanayo anamasula mpangowo pang'onopang'ono. Mbali imodzi ya mutu inali yoluka, ina ili nyankhalala.

Anafotokoza ali chiimire, mawu akudukaduka. Mayi wina wa m'gulu ankamuluka pokonzekera msonkhano waukulu. Mutu utafika theka, mtsikanayo ananena kuti mwezi uno sakwanitsa kugula makatoni, n'kufunsa kuti kodi mkulu wake analakwa chiyani pofunsa funso lija. Mayiyo anaika chipeso pansi n'kumuonetsa khomo.

"Achemwali," anatero akulira, "mpando wanu uja ndinagadabuza ndine."

"Ndinaona."

"Ndiye ndingakhale pati ine?"

Mayi Zala anapepesa kasitomala amene anali m'manja mwake, anamusiyira mmodzi wa ophunzira aja, n'kukoka kampando ka matabwa ndi phazi mpaka pakati pa mawondo ake.

"Khala apa. Ndani wakukoka tsitsi chonchi, ngati akumanga mtolo wa nkhuni? Timasule zonsezi, tiyambirenso."

Mtsikanayo anakhala. Sanamve mawu oti ndinakuuza, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Chipeso chitalowa m'mutu anati, "Mukupweteka, achemwali," monga ankanenera ali mwana, ndipo onse awiri anaseka misozi ili mbwembwembwe. Namwino, amene anali m'chowumitsira, ankapukuta m'maso n'kumanamizira kutentha kwa makina.

Owerenga anga, mwina inuyo ndi amene mpando wanu unagadabuzidwa. Munatuluka m'gulu lina lake, anthu amene ankakutchani mlongo akukulambalalani, ndipo mwayamba kukhulupirira kuti ndinudi wolephera. Ayi. Kutuluka pamalo pamene saloleza funso ndi kulimba mtima. Luso limene munali nalo musanalowe likadali m'manja mwanu. Pitani kwa amene anakuchenjezani, mukapepese, muyambirenso, ngakhale ndi mutu umodzi.

Ndipo ngati wanu akadali m'katimo, akuwoloka msewu akakuonani, musamunyoze ndipo musamutsekere khomo. Tsiku limene gululo lidzamutaye, adzafuna poti akhale. Mtima usagwe, mbale wanga. Pukutani fumbi pa kampando kaja, mukasunge pafupi.