Ndinapha Mkazi Wanga ndi Pakamwa Kuti Dyness Andikonde

Anzanga, Dyness ndinakumana naye mu 1986, m'tchalitchi china cha kumudzi kufupi ndi Champhira. Lero ndili ndi imvi, koma ndikakumbuka ndimawerama.

Ndine Malizani, kwathu ku Kasungu. Nthawiyo ndinali ndi zaka 24, ndinkayenda ndi gulu loonetsa mafilimu achikhristu m'mipingo. Ntchito yanga inali kumasulira Chingerezi pa maikolofoni filimu ili mkati.

Unali masana, mawindo titatseka ndi mabulangete. Filimuyo inali ya woimba wina amene mkazi wake anamwalira, iye n'kusiya kuimba mpaka Mulungu anam'tonthoza. Pofika pa maliro ndinkanjenjemeretsa mawu dala, azimayi n'kumalira.

Titamaliza, mtsikana wotsogolera kwaya anandipeza ndikukulunga mawaya.

"Yewo chomene, adada. Ndine Dyness. Mwamasulira ngati zinakuchitikirani inuyo."

Ndinamuyang'ana... kukongola kwakeko! Pakamwa panga panangotuluka mawu.

"Zinandichitikiradi. Mkazi wanga Kezia anamwalira chaka chatha."

Anzanga, Kezia anali moyo. Ndinamusiya kwathu akupalira chimanga, ali ndi pakati.

"Phepani chomene," anatero Dyness, misozi ikulengeza. "Inenso amama anandisiya mu Janyuwale. Chiuta akusungeni."

Gulu lathu linakhala miyezi iwiri likuzungulira cha ku Embangweni. Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga kukamuona, khadi la chipani lili m'thumba kuopa a youth ofunsa makhadi panjira. Tinkakhala pa benchi kuseri kwa tchalitchi, iye akundiphunzitsa nyimbo za Chitumbuka.

"A Malizani, mawu muli nawo, koma mumaimba ngati mukuthawa mvula," ankatero akuseka.

Ndinamukonda serious. Ndinkati mawa ndimuuza zoona, koma mawalo likafika ndinkaonjezera bodza lina. Matenda a Kezia, manda ake, zonse ndinapeka.

Kenako kunachitika msonkhano wa makwaya a mipingo yambiri, tchalitchi chinadzaza thothotho. Itafika nthawi ya kwaya yawo, Dyness anaima kutsogolo.

"Nyimbo iyi tapeka tokha, yokumbukira amama anga ndi malemu Kezia, mkazi wa mbale wathu Malizani wa ku Kasungu. A Malizani, imirirani anthu akuoneni."

Ndinaimirira.

Asanamalize ndime yoyamba, kumbuyo kunamveka kukuwa. Nditacheuka ndinaona a Jonasi, mchimwene wake wa Kezia, amene ankacheka matabwa ku Viphya. Anabwera ndi kwaya ya kwawoko, ine osadziwa.

"Alamu! Mlongo wanga wamwalira liti? Mwamuika osandiuza?"

A Jonasi, bambo wamkulu, anadzigwetsa pansi, akulira zenizeni. Azimayi ena anayamba kulira nawo. Kwaya inasiya kuimba.

Ndinalibe kothawira.

"Alamu, musalire," ndinatero. "Kezia ali moyo... ndinanama."



Dyness sanakuwe, sananditukwane. Anayandikira n'kulankhula chapansipansi.

"Ine ndimalira mkazi wanu pamodzi ndi amama anga, tsiku lililonse popemphera. Mbwenu, pitani."

"Dyness, sorry, ndimvere kaye..."

Anatembenuka n'kutuluka.

Sabata yomweyo anandichotsa m'gulu la mafilimu. Nditafika kwathu, uthenga unali utafika kale. Kezia anali pakhonde, mimba itakula. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwabwera kudzaona manda anga?"

Zinatenga zaka kuti andikhululukire. Koma Dyness sindinamuonenso. Ndinangomva kuti anthu ankamuseka kuti anaimbira maliro munthu wamoyo, mpaka anasiya kwaya. Mtsikana amene sanalakwe kalikonse ndiye anasenza manyazi anga.

Anzanga, munthu akakukhulupirirani mpaka kukuonetsani pamene pakum'pweteka, musamunamize. Ine ndinanamiza mwana wamasiye maliro a mayi ake ali aawisi, ndipo mpaka lero sindinam'pepese.