Hanifa ndi Mayeso a M'foni

Hanifa anakwatiwa ku Kawale atangomaliza dipuloma ya zamakompyuta. Kukoleji ankadziwika ndi manja ake. Akamupatsa waya wa netiweki, ankausenda, kusanja timawaya ta m'katimo, n'kutsina mutu wake anyamata akufunafunabe pulayala.

Mwamuna wake, Latif, anapita ku Joni kukasaka ntchito, n'kumusiya m'nyumba ya amayi ake kuseri kwa msika. Sipanapite nthawi, apongoziwo anagwa kubafa ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa, lilime linalemera. Alamu ake a Hanifa anabwera kuchokera ku Mangochi, analira, kenako anabwerera kumabanja kwawo. Wotsala anali iye.

Ntchito yake inakhala kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, ndi kuwamwetsa phala. Akatalikira pang'ono, ngakhale kungopita kumpopi, ankamva kapu ikugogoda pachitsulo cha bedi.

Loweruka lina kunabwera Mirriam, mnzake wa kukoleji, yemwe tsopano ankagwira ntchito pakampani ina yolumikiza makompyuta m'maofesi.

"Iwe, mutu wakowo uwolera muno," anatero Mirriam, akumulanda foni. "Masiku ano dipuloma yokha sakuyiyang'ana, akufuna satifiketi ya netiweki. Ndakuikira mayeso oyeserera, ogawidwa m'mitu. Ukakhoza, mutuwo umasanduka wobiriwira. Ikabiriwira yonse, ukalembe enieni."

Hanifa ankawerenga atakhala pansi, msana atatsamira bedi la wodwala. Mutu wa mawaya sunamuvute. Womwe unamuliza unali wogawa maadiresi a makompyuta m'magulu. Ankalephera, n'kubwereza, akuwerengetsera pamakatoni a mankhwala mpaka malo olemba kutha. Nthawi zina ankafotokozera apongozi ake mokweza mmene rauta imasankhira njira yodutsa uthenga, iwo maso ali kudenga. Chinkamuwawa n'chakuti malamulo onse olembera rautayo anawaloweza, koma chichokereni kukoleji anali asanaikhudzeko ndi dzanja.

Mvula itayamba, mitu yonse inali itabiriwira. Mlungu womwewo Mirriam anaimba foni: kampani yawo inkatenga anthu oti iwaphunzitse ntchito, ndipo mayeso inkawalembetsa yokha. Dzina la Hanifa anali atalipereka kale. Ankafunika kuofesi yawo ku City Centre Lolemba m'mawa.

Hanifa anaimbira mwamuna wake.

"Nanga amayi atsala ndi ndani?" anafunsa Latif.

"Tipeze munthu. Kapena achemwali anu abwereko."

"Amayi asambitsidwe ndi mlendo inu mulipo? Kumzikiti anditi chiyani? Pirirani, pa Idi ndikubwera."

Latif sanakalipe. Mawu ake anali otopa, a munthu amene mapepala ake anatha kalekale ndipo amayenda mozemba apolisi.

Lolemba Hanifa anapitabe. Anapempha mayi Annie oyandikana nawo kuti akhale ndi wodwala, anavala hijabu yake yabwino, n'kukwera minibasi. Atangotsika kudepoti, foni inalira.

"Bwererani msanga," anatero mayi Annie. "Akukana kuti ndiwagwire. Amafuna kufikira ndowa okha, ndiye agwa."

Anaima kaye pakati pa oitanira ndi ogulitsa malonda, akuyang'ana minibasi ya ku City Centre ikudzaza. Kenako anawoloka msewu n'kukwera ya ku Kawale.

Anawapeza apongozi ake ali pasimenti, chitenje chitanyowa, nkhope atabisa ndi dzanja lamoyo lija. Anawanyamula n'kuwasambitsa. Malo aja kampani inapatsa wina.

Idi inafika, Latif sanabwere. Anati akangodutsa pachipata cha m'malire sadzaloledwanso kulowa ku Joni. Patapita masiku, Hanifa anatsegula mayeso aja n'kupeza uthenga wakuti eni satifiketi asintha silabasi. Kubiriwira konse kunali kutafufutika, ndipo panali mitu yatsopano imene sanaimvepo. Anaika foni pansi n'kulira momasuka, koyamba chidwalireni apongozi ake.

Dzanja la apongozi ake linamugwira paphewa. Mayiwo analimbana ndi lilime nthawi yaitali mawu asanatuluke.

"Pi... pitani, mwananga."

"Ndipite kuti, amayi?"

Nawonso misozi inali ikutsikira m'khutu.

Hanifa akadali ku Kawale. Anayambiranso mayeso aja, ngakhale sauzanso munthu tsiku lomwe adzalembe. Amalonda a mumsika anamudziwa, ndipo intaneti ikawavuta amabwera ndi mafoni awo. Salowa m'nyumba poopa kusokoneza wodwala. Amaima pawindo, n'kumupatsira foni pakati pa zitsulo.