A Petulo ndi Botolo la M'dzala

Mukawoloka mlatho wa pa Boma n'kulunjika midzi ya kuvuma kwa nyanja, funsani munthu wokumba zimbudzi. Aliyense akulozerani kwa a Petulo. Zimbudzi za kutchalitchi, za kumzikiti, za m'makomo mwa anthu, zambiri n'za manja awo. Koma alipo amawakumbuka akakhala m'menemo? Ayi ndithu! Anthu amakumbuka a Petulo chimbudzi chikadzadza basi.

Ntchitoyi amagwira ndi akazi awo, a Lusiya. Kale wokoka ndowa anali mwana wawo Rowland, koma Rowland anakwera basi ya ku Joni ngati anzake onse, ndipo foni yake inasiya kupezeka kalekale. A Lusiya anangomanga chitenje m'chiuno n'kugwira chingwe. Anthu anaseka, kenako anatopa nako kusekako. Kagwiridwe kawo n'kosavuta: mwamuna pansi ndi piki ndi fosholo, mkazi pamwamba. Ndowa ikadzadza a Petulo amagwedeza chingwe, a Lusiya amakoka, amakhuthula pamulu osayang'ana n'komwe, ndowa n'kubwerera pansi. Tsiku limatha osalankhulana. Si kuti anayambana ayi, anangozolowera.

Vuto linali msana wa a Petulo. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti akapitiriza kukumba, tsiku lina anthu adzachita kuwanyamula kuchoka m'dzenje, ndipo sadzayendanso. A Petulo anavomera ndi mutu, analandira mapiritsi, m'mawa mwake n'kutsikiranso m'dzenje. Nanga akanatani? Munda wawo ndi kamchenga kosabala kanthu, bwato alibe, ukonde alibe.

Potulukira anapaona ku Monkey Bay, kumene anaitanidwa kukakumba dzenje pa loji ina yogonako alendo. Mwini lojiyo, mayi Yasmin, anali ndi shelefu pakhonde yodzadza mabotolo akale, ndipo alendo ankaima pamenepo n'kumajambula. A Petulo anaona ngati misala. Kujambula zinyalala! Mayiwo ataona kuti akuyang'anitsitsa, anatsitsa limodzi. Linali lobiriwira, lagalasi lochindikala, khosi lake loduka.

"Awa ankamwera azungu a mishoni ndi a sitima," anatero mayi Yasmin. "M'khosimu munkakhala kampira kagalasi kotsekera chakumwa. Ana a nthawi imeneyo ankaswa khosi kuti atenge kampirako. N'chifukwa chake lathunthu silioneka. Inu bambo mumakhalira pansi pa nthaka. Mukadzandipezera lathunthu, kampira kali momwemo, ntchito yothirira maluwa pano ndi yanu, pamodzi ndi kanyumba kogona."

"Mukunena zoona, mayi?"

"Wallahi, ndikulumbira, bambo."

Kuthirira maluwa! Munthu ataima chilili, paipi m'manja, msana uli wowongoka. A Petulo anauza akazi awo ali m'minibasi pobwerera, ndipo a Lusiya anangoti, "Mulungu akalola." Kuyambira pamenepo dzenje lililonse ankalikumba maso ali pa fosholo, koma chotuluka chinali mabotolo a dzana ndi mapepala apulasitiki.

Chilimwe chotsatira, a Jaffalie, wamalonda a usipa, anagula malo kuseri kwa mishoni yakale, pamene panagwera nyumba za azungu, n'kuitana a Petulo kuti awakumbire chimbudzi. Dzenje litafika m'chiuno, dothi linasintha. Linada bii, losakanikirana ndi phulusa, mafupa ndi zitini zodyeka dzimbiri. Linali dzala la azungu aja. Piki itagunda kanthu n'kulira ngwe, a Petulo anawerama n'kutola kachidutswa kobiriwira. Piki anaiika pambali. Kuchoka apo anayamba kukumba ndi mpeni wakutha ndi zala.

Botolo lokwiririka limanyenga, anthu inu. Limayamba kuonetsa kumatako, lonse bwinobwino. Mupalapala dothi, mimba ituluka yosalala, zilembo zake zotumphuka. Mupalanso, mtima uli m'mwamba, chala chikufunafuna khosi, n'kupeza mano akuthwa basi. Loyamba linawapweteka kwambiri a Petulo. Anakhala pansi m'dzenjemo nthawi yaitali atalifumbata. Lachiwiri anatukwana, iwo amene satukwana. Panatuluka ena amitundumitundu, abuluu a mankhwala, tating'ono ta inki, ofiirira amowa, ena ong'aluka, ena ophwanyika pakati. Obiriwira aja analipo ambiri ndithu, ndipo onse analibe makosi.

Masiku oyamba, potumiza botolo pamwamba ankakuwa kuti, "Mosamala, mayi a Rowland!" A Lusiya ankalitulutsa m'ndowa n'kuliika pamthunzi. Koma kusamalira chinthu chakufa kale n'kwa chiyani? Kukuwa kuja kunatha kokha. Mabotolo oduka anayamba kukwera limodzi ndi dothi n'kukagwera pamulu wa miyala ndi zidutswa za njerwa. A Petulo sankakwiyanso, sankadandaulanso. Ankapala, kukhudza khosi, kuponya m'ndowa. Mpeni unkawacheka, iwo n'kuona magazi osamva kupweteka. Kunyumba ankadya chimene chaikidwa, ndipo mukanawafunsa ndiwo yake sakanakuyankhani.

A Jaffalie si munthu woipa, koma dzenje la masiku ochepa likatha milungu, mwini malo amadabwa. Tsiku lina m'mawa anabwera ndi mpando n'kukhala pakamwa penipeni pa dzenjelo.

"Che Petulo, chimbudzi chimakumbidwa ndi mpeni chiyambire liti? Mwaona chiyani pansipo, ndalama za azungu?"

"Magalasi okhaokha, bwana. Ndikuopa kudzicheka."

"Chabwino. Koma paja chotuluka m'dothi langa n'changa." Ananena akuseka, koma pampandopo sanachoke.

Dzuwa litakwera, m'mbali mwa dzenje munaoneka matako ena obiriwira. A Petulo anapala monga mwa masiku onse, osayembekeza kanthu. Mimba inatuluka. Chala chinapita kukhosi kukakumana ndi mano aja, koma chinangotsetsereka, kupitirira, mpaka kukafika pamlomo wosalala wozungulira. Analisolola pang'onopang'ono. Linali lathunthu, lopanda ngakhale mng'alu. Atalipendeketsa, m'khosimo munalira kanthu, kwe.

Mukuganiza kuti anasangalala? Ngakhale pang'ono. Chisangalalo chinali chitawathera m'makosi oduka aja. Pamwamba mutu wa a Jaffalie unali utatchinga dzuwa, akukamba za mtengo wa simenti. A Petulo anali ndi kabudula yekha, malaya anali pamtengo kunja, pobisa panalibe. Kulisiya m'dzenje ankaopa kuti mwini malo atsitsa munthu wina kuti aone chimene chikuchedwetsa ntchito. Anafulatira, anayala dothi lofewa m'ndowa, anagonekamo botolo lija, n'kulifotsera ndi dothi lina. Mumtima ankati likafika pamwamba, akazi awo alisunga pamthunzi ngati kale. Anagwedeza chingwe mofatsa kwambiri, poganiza kuti a Lusiya amva kusiyana kwake.

Ndowa inanyamuka. A Petulo anatsegula pakamwa kuti anene mawu aja oti mosamala, koma a Jaffalie anasuzumira pansi nthawi yomweyo.

"Mwati chiyani, Che Petulo?"

"Palibe, bwana."

A Lusiya anachita zimene manja awo achita zaka zonsezi. Anakoka, anatembenuka, anakhuthula. Pansi pa dzenje phokosolo linafika laling'ono kwambiri, phwa, ngati munthu waponda chigoba cha nkhono. Ndowa inatsika yopanda kanthu n'kuwagunda paphewa. A Petulo anaiyang'ana, anatola fosholo, n'kuidzadzanso.

Anagwira ntchito choncho mpaka masana. Atakumba pang'ono, dothi lakuda linatha, panatuluka katondo wofiira, wouma gwa, amene munthu sanamukhudzepo. Dzala linathera pomwepo. Anatenganso piki ija n'kumamenya monga kale, msana ukuyaka, iwo osaulabadira. Azana yoitanira anthu kumapemphero itamveka kumzikiti, a Jaffalie ananyamula mpando wawo n'kumapita kukaswali. Apo m'pamene a Petulo anakwera, pang'onopang'ono, akuponda m'timapako ta m'mbali.

Pamulu sanavutike kufufuza. Zidutswa zakale zimakhala zothimbirira, dothi litamatirira m'mphepete. Izi zinali zatsopano, zikung'anima padzuwa. Khosi linali litagawanika pawiri pa njerwa, ndipo kampira kaja kanali katagubudukira mumchenga. Anaima pamenepo manja ali lende. Ankadikira kuti mwina misozi ibwera, mwina mkwiyo, koma sikunabwere kanthu. Anangomva ludzu.

A Lusiya anabwera ndi chigubu cha madzi. Maso awo masiku ano saona bwino zapafupi.

"Linanso losweka, bambo a Rowland?"

A Petulo anayang'ana akazi awo, zikhatho zokakala ndi chingwe, thukuta likutsika m'khosi. Akanati anene zoona, mayiwa akanasenza botolo limeneli mpaka kumanda, chikhalirecho cholakwa chawo panalibe. Anakankha dothi ndi phazi n'kukwirira zong'anima zija.

"Eya. Linasweka kalekale."

"Pepani," anatero a Lusiya, n'kuwapatsa chigubu. Anawasiya amwe kaye, kenako anati, "Kunabwera a Mwanabibi a kuseri kwa msika muli pansi. Akuti chawo chadzadza, akufuna chatsopano mvula isanagwe. Ndiwayankhe chiyani?"

A Petulo anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Anayesa kuwongoka, msana unakana, ndipo anangokhala chowerama choncho.

"Auzeni Lolemba."