Anandionetsa denga, pansi anapaka mdima

Dzulo piki yagunda lata limene ndinafunditsa mkazi wanga m'manda. Mlandu ndi wa ofesi ina yojambula nyumba ku Ulongwe. Dzina sinditchula. Akudzidziwa.

Mkazi wangayo, Nankhoma, anamwalira nthawi ya nkhondo, tili pafupi kuthawira ku Dedza. Kumanda kunali kosapitika. Ndinamuika kuseri kwa nyumba yathu ku Lifidzi, wopanda bokosi, lata pamwamba, kenako dothi. Titabwerera ndinadzalapo mtengo wa pichesi. Mudzi wonse umadziwa.

Chaka chino mwana wanga Rozalina, amene amagwira ntchito ku Tete, anati andimangire nyumba ya simenti pamalo omwewo, ya chimbudzi cha madzi. Tinapita limodzi ku ofesi ija kukaona pulanta, pulani ya nyumbayo. Tekiniku wojambula wa kumeneko, munthu wa ndevu zake, anatitembenuzira komputadori. Nyumba inkazungulira yokha. Anaivundukula denga. Anaidula pakati ngati dzungu, ife n'kumaona zipinda, ngakhale mipando. Kudulako amati korte.

Ndinamuuza kuti fosa, dzenje la chimbudzi lija, isayandikire pichesi. Pali munthu pamenepo.

"Tasuntha kale, madala."

Ndinati dulani kuseriko, ndione pansi. Anadula. Kuyambira pa simenti kutsika panali bii. Anayesa kukokera mpeni wake wa pakomputadoriwo kunja kwa khoma, chithunzi chinangouma. Anati pulogarama yawo imadula mzere umodzi woongoka, ndipo nthaka imangoipaka yakuda. Ndinafunsa kuti nanga tubu, paipi ya madzi oipa, akudutsa pati. Anaseka.

"Mukufuna kuwerenga chiswe, madala?"

Shefi wawo, mkulu wa ofesiyo, anasuzumira pakhomo, foni ili kukhutu. Anati anthu amabwera kudzasankha mtundu wa penti, osati kudzaona dothi.

Rozalina anandigwira mkono. "Bambo, akudziwa ntchito yawo." Ine sindikangana ndi munthu pamaso pa mwana wanga. Tinatuluka.

Fosa anaisunthadi, anaiika kumunsi. Koma tubu wopita ku fosayo anamudutsitsa patsinde pa pichesi. Mumdima muja palibe anamuona, ngakhale wojambulayo. Amisiri anachokera ku Ulongwe, alendo, akungotsata pepala. Ine ndinali kudimba la mbatatesi. Kulira kwa latalo ndinakumva ndili panjira yobwerera, ndipo ndinakuzindikira.

Amisiri anataya zida. Mmodzi anasamba m'manja n'kuchoka osatsanzika. Ngalande ya tubuyo yatsala yasa, ngodya ya lata ili poyera. Alongo ake a Nankhoma atumiza mawu kuchokera ku Dedza: munthu asakhudze dothilo iwo asanafike. Ndi mbumba yawo. Sindingawatsutse.

Ndinaimbira shefi uja. Anati akufa sali pa pulanta. Anatinso mwina pulogarama yatsopano ikadzatuluka izidzaonetsa pansi bwinobwino.

Ikadzatuluka. Ndiye Nankhoma adikire?

Ndikufunsa inu a ofesi, ndi amene anakupangirani chinthucho. Mpeni wodula mzere umodzi ndi mpeni wanji? Nyumba imaima pa penti? Konzani chida chanu. Chizidula pamene mwini malo waloza, chizikhota, chizitsika mpaka pomwe piki ifike, tubu aliyense azioneka. Ngati sichingathe, muziuza anthu poyera kuti pansi simuonapo.

Inu amene munabwerera kuchokera ku Malawi, mukudziwa amene munawasiya kuseri kwa nyumba, m'minda, m'mbali mwa njira. Ana anu ayamba kumanga. Akakuonetsani nyumba yozungulira pagalasi, musatengeke ndi denga. Pansi pakakhala pakuda, musalole khasu.

Ngalande ija inatsetsereka bwino, monga anaijambulira. Madzi onse a pabwalo alowera kwa Nankhoma. Mitambo yaunjikana paphiri la Domwe ndipo mphepo yatembenuka. Kukwirira andiletsa. Mvula ikayamba alamu anga asanafike, ndigona m'ngalandemo ndekha, nditchinge madzi ndi msana. Shefi abwere adzajambule zimenezo.