Zigamba za pa Chikhoti cha Sadakuro

Kuluthumu anali telala wa ku Kabwata. Mwa tonse amene tinali m'gulu la okonda makatuni a anime pa WhatsApp, iye yekha ndiye sanalowemo mwa kufuna kwake. Anamulowetsa ndi mlongo wake Ayuba kuti tizimupatsa ntchito yosoka zovala za anthu a m'makatuniwo. Ine ndine Muriel, ndinali admini wa gululo, ndipo ndivomere kuti kampando kameneko ndinkakamva kukoma kuposa ntchito yanga ya ku ofesi ya inshuwalansi.

Makolo a Kuluthumu ndi Ayuba anachokera ku Mangochi kalekale n'kuwoloka malire kudzakhala kuno, bambo ankasoka zikwama ku City Market. Atamwalira onse awiri anawasiyira makina osokera opalasa ndi mapazi ndi kanyumba ka zipinda ziwiri. Ayuba anali kalipentala wa madenga. Anagwa padenga la nyumba ina ku Woodlands ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo kuyambira m'chiuno kutsikira kumapazi kunafa. Madokotala anati akatha zaka ziwiri ndi mwayi. Anatha khumi ndi chimodzi. Pabedi pomwepo ndi pomwe anayambira kuonera anime mpaka anasanduka katakwe wathu.

Katuni imene inatipengetsa chaka chimenecho inali ya msilikali wotchedwa Sadakuro. Amulase mikondo, phiri limugwere, gawo lotsatira wadzuka, chikhoti chake chofiira chili paphewa. Opanga katuniyo sananene chifukwa chake, ndiye ife tinadzipatsa ntchito. Spencer wa ku Kabulonga ankati ndi magazi a bambo ake amene anali chiwanda. Towela ankati ndi temberero la lupanga lake. Ayuba ankati ndi mtima basi, munthuyo amangokana kufa, ndipo ndani akanatsutsana naye? Tinkamutchula kuti Sadakuro wathu. Mauthenga ankafika mazana anayi pa tsiku, anthu akuluakulu ovala mataye tikutukwanizana chifukwa cha munthu wojambula. Lamulo langa linali limodzi: nkhani yosakhudza anime ndifufuta. Ndinali nditatopa ndi otsatsa mapafyumu ndi oitanira anthu ku misonkhano ya chitsitsimutso.

Pa mkangano wa Sadakuro, Kuluthumu analankhulapo kamodzi kokha. Linali Loweruka masana, titapita kwawo kukayezetsa zovala za chikondwerero chathu cha ku Northmead. Spencer ankafuna chikhoti cha Sadakuro.

"Mufuna cha episode iti, ba Spencer?" anafunsa Kuluthumu, tepi ili m'khosi.

"Ni chimozi chabe," anatero Spencer.

"Awe. Onani."

Anatenga foni ya Ayuba n'kuyamba kuimitsa zithunzi. Iye Chingerezi cholembedwa pansicho sankachiwerenga, maso ake ankapita pa misoko. Gawo loyamba chikhoticho chinalibe chigamba. Pofika gawo la makumi anayi zinalipo khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kasokedwe kofanana, ka munthu wamanzere. Nsalu zomangira mabala nazo zinali ndi mfundo imodzimodzi, yomangira kumsana, kumene mwini wake sangafike.

"Aliko munthu amamutungila vigamba, amamumanga vilonda," anatero. "Sibamuonetsa chabe."

"Ba Kulu, iyo ni animation chabe, mwandi," anatero Spencer, ndipo tonse tinafa nako kuseka, Ayuba yemwe.

Tili mkati moseka, belu la pa foni ya Kuluthumu linalira. Anatitulutsa panja kuti atembenuze Ayuba. Ankatero maola awiri aliwonse: kumutembenuza, kumupaka mafuta kumsana, kuyang'ana ngati pali pamene payamba kufiira. Zaka khumi munthu ali chigonere, thupi lopanda chilonda ngakhale chimodzi. Ine ndinaima pakhondepo ndikumva bedi likulira, n'kumapitiriza kukangana ndi Towela za lupanga.

Chimene sitinkadziwa tsiku limenelo n'chakuti Kuluthumu anali ndi chotupa m'bere lakumanzere. Ku kiliniki anali atamulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu, kumene munthu umapita m'mawa osadziwa nthawi yobwerera. Ankafuna munthu wosiyira Ayuba tsiku limodzi lokha. Azakhali awo, mayi Alia, anali okalamba, sakanatha kumunyamula, komanso Ayuba sankalola kuti mkazi wina amuone ali choncho. Pankafunika mwamuna wamphamvu. Ndiye Kuluthumu anaganiza za amuna makumi atatu a m'gulu mwathu amene tsiku lililonse ankatchula mlongo wake kuti m'bale.

Analemba m'gululo Lachiwiri lina mu Malichi, nthawi ya nkhomaliro. Gawo latsopano linali litangotuluka, Sadakuro atawotchedwa ndi moto, mkangano uli pachimake.

"Shani bonse. Kuli mwamuna angankhaleko na Ayuba pa Thursday? Niyenda ku chipatala, nizachedwa."

Ndinawerenga. Sindinganame kuti unandidutsa. Ndinawerenga mawu onse, chipisi chili kukamwa, ndipo mphindi isanathe ndinaufufuta n'kulemba kuti, "Ba Kulu, off-topic. Inbox." Kenako ndinabwerera kukayankha Spencer. Kumbaliko sanalembe, nanenso sindinamufunse. Madzulo nditakumbukira ndinadziuza kuti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ikakhala nkhani yaikulu aimba foni. Koma Kuluthumu sanali munthu wopempha kawiri. Ayuba nthawi imeneyo anali m'tulo, ena onse anali kalikiliki ndi Sadakuro, moti mwina amene anawerenga uthengawo ndine ndekha.

Lachinayilo sanapite. Ku chipatala anamupatsa tsiku lina, nalonso linadutsa. Zovala zathu anasoka zonse, ndipo Spencer anapambana mphoto ndi chikhoti cha zigamba khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mu Novembala Kuluthumu anagwa pamakina, ndipo ku chipatala chija anapita atanyamulidwa. Anamwalira mu Januwale. Monga mwa Chisilamu anamuika tsiku lomwelo, ife tinamva m'mawa mwake zonse zitatha. Za chotupa ndi za kalata ija anandiuza ndi mayi Alia pa mkeka wa maliro, akulankhula ngati akuuza munthu wosalakwa. Ngati akanachira atapita mu Malichi, sindikudziwa. Ndayesa kudzitonthoza nazo zimenezo ndipo sizitonthoza.

Ayuba anamutenga asuweni ake a ku Libala. Ndi anthu abwino, koma onse ogwira ntchito, ankamutembenuza m'mawa ndi madzulo. Pasanathe miyezi iwiri pa chiuno panatuluka chilonda chachikulu ngati chikhatho. Apo m'pamene gulu linadzidzimuka, tinalemba mndandanda wa masiku okamuona, ine yemwe ndinaulemba bwinobwino n'kuukongoletsa ndi mitundu yosiyanasiyana. Fisi anali atadya kale.

Tsiku langa linali Lamlungu nditaweruka ku tchalitchi. Ndinamupeza atawonda, m'chipinda muli fungo limene kwa Kuluthumu sindinalimvepo. Ndinayesa kuyambitsa za Sadakuro. Anatukula foni n'kundionetsa. Anali atabwerera m'mbuyo m'mauthenga a chaka chathunthu kufunafuna mawu a mlongo wake, ndipo anapeza kamzere kotuwa konena kuti uthengawu unafufutidwa ndi admini. Pansi pake panali mawu anga aja.

"Ba Muriel," anatero, "Kulu sanali kulemba mu group. Apa anakamba chani?"

Ndikanatha kunena kuti ankatsatsa zovala. Bodzalo linafika mpaka pamlomo. Koma ndinamuuza, liwu ndi liwu, pakuti sindinaiwalepo ngakhale limodzi.

Sanatukwane, ndipo ndikanakonda akanatukwana.

"Pa Thursday," anatero potsiriza. "Siku imozi chabe."

"Ee."

"Nitembenuzeni. Nifuna kuyang'ana ku chipupa."

Ndinaimirira, n'kuika chikwama changa pansi. Ndinaweramira pabedipo manja ali m'malere. Ndinali nditabwera m'nyumba mwa Kuluthumu kwa zaka zinayi, belu lija ndinalimva kosawerengeka, koma sindinkadziwa kuti munthu amamugwira pati. Ndinagwira paphewa, anabuula. Ndinagwira m'chiuno, ndinakhudza pachilonda.

"Lekani," anatero Ayuba. "Lekani chabe."

Anatseka maso, poti n'chokhacho chimene akanatha kuchita yekha, ndipo ine ndinakhala pampando mpaka asuweni ake atabwera. Anamwalira mu Epulo, patangotha miyezi itatu chiikire mlongo wake.