Chitenje Chotembenuza

Kwathu ku Jenala chitenje cha chipani sitinkachikana. Galimoto ya kampeni ikabwera tinkavina n'kulandira, mawa lake kukabwera ena tinkavinanso. Ndani angakane nsalu yaulere? Lamulo lathu amayi linali limodzi: cha chipani chokondedwa kuno uvale nkhope ili poyera, cha chipani chinacho uchitembenuze, mtsogoleri wake ayang'ane mkati. Chotembenuza chimaoneka chofwifwa ngati chakale, ndipo palibe ankachifunsa.

Chaka chimenecho ndinali ndi mwana woyamwa. Tsiku lina ndinapita kudoko ku Chilwa kukagula matemba, nditamubereka ndi chotembenuza poti zina zonse zinali pachingwe. Pobwerera, dengu lili pamutu, dzuwa lili paliwombo, mwana uja anandikodzera kumsana. Ndinangomuseka kuti wayamba mwano akadali wamng'ono. Sindinaganize kuti nsalu ikanyowa utoto umatulukira mbali zonse.

Pamlatho ndinapeza lole itaima mopingasa. Anyamata a chipani cha kwathu anali atatsika, akuchokera kumsonkhano, fungo la kachasu lili guu. Sabata yomweyo tinali titamva kuti mayi wina anamuvula pamsika chifukwa cha chitenje. Kubwerera kukanakhala kudziulula, choncho ndinadutsa maso ali pansi. Nditawapitirira pang'ono, wina anaseka kumbuyo kwanga.

"Mayi, taimani. Mwabereka angati kumbuyoku? Ifetu tikuona nkhope ziwiri."

Mtsogoleri wa chipani chinacho anali atatulukira pamatako a mwana wanga, akumwetulira.

"Achimwene, ndi nsalu chabe iyi," ndinatero. "Inetu ndine wanu."

"Wathu savala chimenecho. Mumasula nokha, kapena timasule ife?"

Dzanja lake linali kale pamfundo ya pachifuwa panga. Mayi aliyense amadziwa kuti mfundo imeneyo ikamasuka usanawerame, mwana amagwa chagada. Pansi panali simenti ya mlatho. Ndinataya dengu, matemba ali mbwee, n'kugwada, dzanja limodzi litagwira mwana kumbuyo. Sindinaopepo chotero chibadwire, ngakhale tsiku lomubala. Mnyamata uja anasolola chitenje, mwana anatsetsereka, ndinamuwakha ndi mkono mutu utatsala pang'ono kugunda pansi. Analira mpaka mawu kutha. Iwo anakoleka chitenjecho pandodo n'kuchiyatsa, koma poti chinali chonyowa chinkangofuka utsi, ndipo zimenezo zinawaseketsa kwambiri. Ndinafika kunyumba mwana ali m'manja, matemba ndinawasiya pomwepo.

Chondiwawa n'chakuti sindinawanamize. Chipani chawo ndi chomwe ndinkafuna kuvotera, ndipo nyimbo zake ndinkaziimba ndikamapalira.

Tsiku lovota ndinasiya mwana kwa alamu anga n'kupita kusukulu. Oyendetsa chisankho anatifotokozera bwinobwino kuti voti ndi yachinsinsi, m'kachipinda munthu amakhala yekha, ndipo pepala likalowa m'bokosi palibe angadziwe mwini wake. Ndinawamva. Koma ndili pamzere ndinamuona mnyamata uja kunja kwa mpanda, atakhala pansi pa mtengo wa mango, akudya nzimbe. Iye sanandizindikire n'komwe.

M'kachipinda ndinaloza cholembera pankhope ya mtsogoleri wa chipani china chija, mtima ukuti ndiwakhaulitse anyamata aja. Ndinacheuka, panalibe munthu. Ndinacheukanso. Kenako dzanja linasuntha lokha, ndinachonga chipani chawo, n'kupinda pepala msangamsanga.

Mayi wopaka inki pachala anaona misozi, nandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ndi fumbi. Ndikanamuuza chiyani? Ndinali nditachonga pomwe ndinkafuna kuyambira kale, koma mpaka lero sindidziwa ngati ndinasankha ndine kapena mnyamata wa pamlatho uja.