Kunsi kwa Mwala wa Malume

Malume anga akhala akupala matabwa zaka makumi anayi, m'shedi yomweyo ya malata kuseri kwa nyumba yawo. Nditabwerako kunja kwa dziko, komwe ndinatha zaka zisanu ndikunyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, ndinawapeza atafupika msinkhu, koma shedi ili chimodzimodzi: sowo pa msomali wake, matchizulo m'chitini cha penti, kabokosi ka mwala wonolera pakona ya tebulo. Ankanditchula kuti Wandege. Ine ndinkangozungulira pakhomo, foni m'manja, mtima uli kwina.

Ntchito inali itawathawa. Anthu ankapita kwa amisiri a makina kumsewu waukulu, amene amapala chitseko mwiniwake ataimirira pomwepo. Kwa malume kunkangobwera mipando yothyoka miyendo. Ndiye Lolemba lina mwini sitolo ya mipando, amene bambo ake anali mnzawo wa malume, anabweretsa chitseko chimodzi cha thabwa lolimba. Anati chikasalala pofika Lachisanu aziwapatsa zitseko mwezi ndi mwezi, koma chikapanda kutero asadzamuone ngati munthu woipa. Malume anamuperekeza mpaka pageti, akupukuta manja pa buluku ngati alandira mlendo wolemekezeka.

Vuto linali mwala. Mpeni wa chopalira umafuna mwala wathyathyathya, koma wa malume unali utadyeka pakati ngati mbale. Mpeni unkachokapo wokhota, ndipo pathabwa unkasiya timizere tomveka ndi chala. Kale ankaukhula mwalawo pa simenti kuti ufanane, mpaka unatsika kufika pa milomo ya bokosi. Anapala milomoyo, naukhulanso, mpaka panalibenso chopala. Nditawafunsa chifukwa chake sagula wina, anati miyala ya m'masitolo masiku ano ndi sopo, imasungunuka ndi oyilo. Uwu anapatsidwa ndi mmisiri amene anawaphunzitsa ntchito, ndipo kabokosiko ndi chinthu choyamba chimene manja awo anapanga.

Nzeru inachokera kwa ine. Ndinawauza kuti mwala uli ndi mbali ziwiri, ndipo yapansiyo iyenera kuti ikadali yatsopano. Ndinawaonetsa pa foni munthu wina akutembenuza wake. Anayang'ana nthawi yaitali, maso atafinya.

"Wandege, ndiye kunjako unkaphunzirako zinthu eti? Ine ndimati unkangodya."

Anaseka, ndipo kanali koyamba kuwamva akuseka chibwerere changa.

Koma mwalawo unali womatidwa ndi guluu. Malume sankakumbukira chifukwa chimene anaumatira. Anati mwina n'chifukwa cha anthu obwereka, amene amabweza bokosi lopanda kanthu. Lachiwiri tinauika padenga kuti dzuwa lifewetse guluuyo, koma sunasunthe. Lachitatu tinazondotsa bokosi n'kumaligogoda pang'onopang'ono pa thumba la utuchi. Ndinalowetsa kampeni kopyapyala m'mbali, kanathyoka. Ndinati tingocheka bokosilo ndi sowo, pasathe mphindi zisanu. Malume anangolitenga n'kuliika kumbali kwawo, kutali ndi dzanja langa.

Masiku onsewo chitseko chinali chitatsamira khoma, chosakhudzidwa. Malume ankachisisita akamadutsa, n'kumandiuza mmene chidzawalire. Anayambanso kunena zokonza denga la shedi.

Lachinayi masana anavomera madzi otentha, ngakhale ankadziwa kuti madzi ndi mdani wa bokosi. Tinaliika m'beseni, ine ndikuthira madzi a m'ketulo, iwo akukanikiza m'mphepete ndi zala zawo zosamva kutentha. Guluu wakale anayamba kununkha ngati chikopa chonyowa. Ngodya imodzi ya bokosi inayasama, kenako ina. Malume anaiona koma anapitiriza kukanikiza.

Pamenepo m'pamene azakhali, akazi awo a malume, anatulukira ndi chikwama chawo. Anali atapita kwa mng'ono wawo chiyambire Lamlungu. Anaima pakhomo la shedi n'kufunsa chimene tinkaphika m'beseni lawo lochapira.

"Tikutembenuza mwala, mayi," anatero malume monyadira. "Nzeru za mphwanga."

Azakhali anatsitsa chikwama pansi.

"Abambo, mwalawo si munautembenuza kale? Chaka chimene anabadwa mwana wathu woyamba. Ine ndi amene ndinagwira bokosi inu mukupaka guluu, chifukwa unkagwedera."

Mwala unatuluka nthawi yomweyo, mosavuta, ngati unkangodikira mawuwo. Malume anautembenuza m'manja. Kunsi kwake kunali kodyeka kuposa pamwamba, kwakuda ndi oyilo wa zaka zimene ine ndinali ndisanabadwe. Pakati pake panatsala popyapyala ngati bisiketi. Kuukhula kuti ufanane kukanangoumaliza.

Ndinayembekezera kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Koma anangofunsa azakhali ngati akunenadi zoona kuti iwo analipo tsikulo. Azakhali anati analipo, ndipo anawakumbutsa malaya amene anavala. Malume anagwedeza mutu ngati akumva nkhani ya munthu wina. Azakhali anandiyang'ana, ndipo ndinazindikira kuti aka sikanali koyamba kuti malume aiwale chinthu chachikulu.

Malume anayesabe. Anayala chiguduli patebulo, naikapo mwala wopanda bokosi, nadontheza oyilo. Anayendetsa mpeni kamodzi, kawiri. Kachitatu mwala unalira pang'ono n'kugawika pakati.

Lachisanu m'mawa mwini sitolo anabwera ndi galimoto. Anayendetsa dzanja pachitseko, naona kuti sichinakhudzidwe n'komwe. Sanakwiye. Anafunsa za moyo wa pakhomo, natenga chitseko chake, nalowera cha kumsewu waukulu. Ulendo uno malume sanamuperekeze.

Ndinawauza kuti ndikabwerera kunja ndidzawatumizira mwala wabwino, wa mbali ziwiri. Anati zikomo, mphwanga, osakweza mutu. Anali atakhala pa mpando wa eni ake wothyoka mwendo, akumanga kabokosi kofufumako ndi chingwe kuti ngodya zake zibwerere. Zidutswa ziwiri za mwala anaziika pambali, moyandikana bwino, zikudikira kuti bokosi liume.